Osamalira akavalo ndi nkhondo yawo ndi tizilombo touluka

Mungayende mu Mzuzu kuchokera ku Katoto mpaka ku Luwinga osakumana ndi kavalo ngakhale mmodzi. Akavalo akumpoto amakhala kumene kumafika alendo: ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene adatchuka ndi kusambira m'nyanja munthu ali pamsana, ndiponso kale ku Chelinda, pa Nyika. Anthu owasamalira ndi ochepa, ndipo ambiri amayesa kuti ntchito yawo ndi kudyetsa ndi kupesa basi. Ayi ndithu. Tsiku lawo limathera pa tizilombo touluka.

Ntchentche zimatsata misozi. Zimaunjikana m'mbali mwa diso la kavalo, diso n'kutupa, iye n'kumadzikhula pamtengo mpaka chilonda. Ndiye amamuveka chophimba kumaso chosokedwa ndi neti yolimba, china chofika mpaka m'makutu. Kavaloyo amaona bwinobwino. Luso lagona pa kamangidwe kake: neti isakhudze nsidze, ndipo pansi pa chibwano pasatsale mpata woti ntchentche ilowe n'kusowa potulukira. Wosamalira wodziwa ntchito amachivula tsiku lililonse, n'kuchichapa, n'kupapasa kuseri kwa makutu ngati sichikusupula khungu. Waulesi amachisiya sabata yathunthu, chophimba chija n'kusanduka gwero la bala.

Komatu chimene chimapha akavalo si ntchentche ya panyumba. Ndi tizilombo tochepa kuposa udzudzu, totchedwa Culicoides, timene timaluma madzulo ndi mbandakucha n'kusiya matenda a African horse sickness. Matendawa akhoza kupha akavalo 9 mwa 10 osabayidwa katemera, pamene mbidzi zimayenda nawo osadwala. Pamenepa chophimba kumaso n'chopanda mphamvu. Chimene chimathandiza ndi katemera wa chaka ndi chaka, wopangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, ndi kulowetsa akavalo m'khola dzuwa lisanalowe. Wosamalira wochedwa kumowa nyengo ya dzinja akhoza kutayitsa chiweto cha ndalama zankhaninkhani. Nyika, yomwe mbali yake yaikulu idapitirira mamita 2,000, imathandizidwa ndi chisanu. Kunyanja kotentha kuja wantchito alibe mpumulo wotere.

Cha ku Vwaza, m'malire a Rumphi ndi Mzimba, mdani ndi kashembe, yemwe amadwalitsa ziweto ndi kupatsa anthu kaodzera. Kumeneko amamutchera ndi nsalu za buluu ndi zakuda zopaka mankhwala, poti mitundu imeneyi ndiyo imamukopa.

M'madera ozungulira Mzuzu, nkhondo yomweyi ili m'manja mwa alimi a ng'ombe zamkaka a ku Lusangazi ndi ku Doroba. Ng'ombe zawo, zambiri zosakanizidwa ndi mtundu wa Friesian, sizipirira nkhupakupa ngati ng'ombe zamakolo, ndipo chigodola, matenda amene nkhupakupazi zimafalitsa, chikalowa m'khola sichichedwa. Mlimi amapala ndowe m'mamawa kuti ntchentche zisaswane, amapukuta bere asanakame, ena amafukiza ndowe zouma madzulo. Tsiku lopopera amabereka sipuleya kumsana, n'kulunjika m'makutu, kunsi kwa mchira ndi m'mphechepeche, mobisala nkhupakupa. Alangizi a ziweto amalalikira za muyeso, koma mankhwala akakwera mtengo mlimi amawonjezera madzi kuti botolo lifike mwezi wamawa. Nkhupakupa zopulumuka pamenepo zimabereka zinzake zosamva mankhwalawo, ndipo chaka chotsatira mlimi yemweyo amagula botolo lodula kuposa lija ankalisunga.