Ma steroid ndi mapiritsi oletsa estrogen: uthenga kwa mabanja okhala ku Msheireb

Ngati inuyo, amuna anu kapena mwana wanu mumanyamula zitsulo ku jimu kuno ku Doha, mwina munamvapo kuti ma steroid okulitsa minofu savulaza bola munthu amwe mapiritsi oletsa estrogen pa nthawi yake. Zimenezi si zoona.

N'chifukwa chiyani anthu amamwa mapiritsiwa?

Thupi la mwamuna limasandutsa gawo lina la testosterone kukhala estrogen. Mukabaya ma steroid, estrogen amatha kuchuluka, ndipo mawere amayamba kutupa ndi kupweteka. Choncho ena amamwa anastrozole kapena letrozole m'masabata amene akubaya. Vuto lachiwiri limaonekera akasiya: ubongo umakhala utaleka kulamula machende kupanga testosterone ndi mbewu ya abambo. Apa ena amamwa tamoxifen kapena clomiphene kuti thupi liyambirenso ntchito.

Atatu mwa mankhwalawa ndi a khansa ya m'mawere. Clomiphene ndi wothandiza amayi osabereka.

Kodi pali nthawi yabwino yomwera?

Ndondomeko ya masiku imene mnzanu wakulemberani sidziwa za m'magazi mwanu. Ma steroid ena amatha msanga m'thupi, ena amakhalamo masabata angapo, ndipo ogulidwa mobisa kawirikawiri sakhala ndi zimene zalembedwa pa botolo. Komanso mwamuna amafunika estrogen. Akachepa kwambiri, mfundo zimaphwanya, mafupa amafooka, chilakolako cha m'banja chimazilala. Mapiritsiwa satetezanso mtima kapena chiwindi ku ma steroid.

Samalani kwambiri ndi kuundana kwa magazi. Ma steroid amachulukitsa maselo ofiira, tamoxifen amawonjezera chiopsezo cha kuundanako. Onjezanipo kutentha kwa Doha kopitirira madigiri 40, kumene kumatha madzi m'thupi, ndi maola ambiri okhala pansi m'ndege popita kumudzi.

Nthawi yofunikadi ndi iyi: kachotupa ka pansi pa nsonga ya bere kakangoyamba, dokotala angathe kukuthandizani ndi mankhwala. Kakatha pafupifupi chaka kamalimba, ndipo nthawi zambiri kamafuna opaleshoni. Ngati mukufuna mwana, dziwani kuti mbewu ingatenge miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, kuti ibwerere.

Ochita mipikisano akumbukire kuti bungwe la WADA limaletsa mankhwala onse anayiwa nthawi zonse.

Kumene mungapeze thandizo

Imbani 107 kuti mupangane tsiku ku chipatala chaching'ono cha PHCC, ndipo mutenge khadi lanu la zaumoyo. Muuzeni dokotala dzina la mankhwala aliwonse ndi tsiku limene munabaya komaliza, kuti ayeze magazi moyenera. Kukhumudwa ndi kufooka mukasiya n'kofala. Nenani, musachite manyazi. Chipatala cha Hamad mungachifike pa sitima ya Green Line kuchokera pa siteshoni ya Msheireb.

Mwendo umodzi ukatupa, m'chifuwa mukapweteka, kapena mpweya ukabanika mwadzidzidzi, imbani 999 nthawi yomweyo.