Madzi, Mdani wa Galimoto Yakale

Abale, pa masiteshoni ndi m'midzi yozungulira Mzuzu mukali magalimoto akale a Land Rover, amene anyamula odwala kunka nao ku cipatala ca Ekwendeni, natenganso cimanga, mabuku a sukulu ndi mitembo yomwe. Ambiri a ife tiyesa kuti cimene cipha galimoto yotere ndi phiri kapena katundu wolemera. Iai ndithu. Mdani wace wamkuru kuno ndiye madzi, ndipo mwini galimoto akhoza kumgwira mdaniyo ndi manja ace, wosalipira mmisiri.

Land Rover yoyamba inapangidwa ku Solihull, m'dziko la England, m'caka ca 1948, pamene Mzuzu anali munda cabe wa mitengo ya tung. Mtundu wa Series III, umene tinena pano, unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, caka comwe Mzuzu anakwezedwa kukhala mzinda. Tsono ngakhale yaing'ono mwa izo yatha zaka 40, ndipo iyenera kusamalidwa monga nkhalamba.

Thupi lace ndi la aluminiyamu wosacita dzimbiri, ndipo ici cinyenga maso. Pakuti mafupa a pansi, amene amisiri ati chasisi, ndiwo acitsulo, obooka m'kati ngati nsungwi. Matope a m'miseu yathu alowa m'menemo nakhala osauma, popeza mvula ya ku Mzuzu icedwa kuleka, ndipo ikaleka kudza nkhungu ndi mawawa. Citsulo cidyeka kuyambira m'kati, monga mtanda wa denga wolowa ciswe, kunja kuli bwinobwino. Cifukwa cace potha dzinja tsukani pansi ponse ndi madzi ambiri, tokosani timabowo totulutsira madzi, nimugogode ndi nyundo yaing'ono, makamaka kumbuyo ndi pomangirira masipuling'i. Citsulo cabwino cilira ngati belu. Codyeka cingoti phu, phu.

Taonaninso oilo. M'giyabokosi, m'bokosi la kumbuyo kwace logawira mphamvu ku mawilo, m'madifu awiri, ndi m'mipira iwiri yacitsulo imene mawilo a kutsogolo akhoterapo, muli oilo wolemera wa EP90. Galimoto ikaoloka mtsinje difu iri yotentha, citsulo cizizira mwadzidzidzi, mpweya wa m'kati ucepa, ndipo madzi akokedwa kulowa. Masulani bauti yothirira, mupise cala. Oilo wolowa madzi aoneka ngati tiyi wamkaka. Wotereyo mkhetseni tsiku lomwelo, koma m'cigubu, si pa dothi loyandikana ndi citsime. Pamwamba pa ekiselo pali kacitsulo kopumira, kosaposa cala ca mwana. Kakatsekeka ndi matope, oilo akankhidwa kuturukira ku mawilo, nanyowetsa nsapato za mabuleki. Kamasuleni, mukatsuke ndi parafini.

Pa mabuleki tikhalitsepo, pakuti apa pali miyoyo ya anthu. Mafuta a mabuleki amwa cinyontho ca mumpweya pang'onopang'ono, wosaoneka ndi munthu. Pa mseu wosalala palibe cimene mudzazindikira. Koma potsika phiri la Chiweta, kapena mseu wa Gorodi wocokera ku Livingstonia kunka ku Chitimba, wa makona ngati 20 opindika monga cigongono, mabuleki atentha kwakukuru. Madzi aja awira nasanduka nthunzi. Ndipo popeza nthunzi ifinyika, phazi la woyendetsa lifika pansi wosapeza coligwira, galimoto iri kuthamangira kuphompho ndi anthu khumi m'kati mwace. Sinthani mafutawo zaka 2 ziri zonse. Nchito iyi ifuna anthu awiri: mmodzi aponda buleki nagwiritsa, mnzace amasula kabauti ka pa wilo, natsekanso wopondayo asanakweze phazi, atero pa wilo liri lonse kufikira thobvu litatha ndi mafuta oyera aturuka. Kabotolo ka pamwamba kasaume pakati pa nchito, mungalowe mpweya. Ndipo musathiremo oilo wa injini ngakhale muli pa usiwa wotani, cifukwa atupitsa mphira za m'kati, ndipo mabuleki onse afa pamodzi.

Woyendetsa naye ali ndi gawo lace. Giya imene mukwerera phiri ndiyo yotsikiranso. Pamwamba pa Gorodi imani, mukokere kumbuyo ndodo ya mutu wofiira, kuti injini igwire galimoto ndi mabuleki apume. Mukaturuka m'madzi, yendani pang'ono mutaponda buleki mopepuka kufikira nsapato zitauma. Kona loyamba si malo oyesera.

M'galimoto ya dizilo madzi alowanso ndi mafuta a m'zigubu. Popeza alemera koposa dizilo, akhala pansi pa sefa, pamene pali kabauti kokhetsera. Kamasuleni mwezi ndi mwezi, mulandirire m'botolo loyera. Mudzaona madzi ali pansi, dizilo pamwamba.

Zina siziri za pabwalo la nyumba. Chasisi yobooka pomangirira sipuling'i ifuna mmisiri wodziwa kuwotcherera citsulo, ndi pampu ya dizilo ifuna zipangizo zimene ife tiribe. Izi pitani nazo kwa amisiri a mumzinda. Tamva ena alikumata dzimbiri ndi utoto kuti galimoto ioneke yatsopano. Utotowo sunyamula katundu.

Ndipo polowa pansi pa galimoto musakhulupirire jeke yekha, makamaka pa dothi lonyowa, pamene atitimira mwakacetecete. Tsamizani ekiselo pa zipika zolimba za mtengo, muike miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo otsala pansi, ndipo pakhale munthu wina pafupi kufikira mutaturuka.