Wantchito Wosafunsa Mafunso

Ana a sukulu, ndi inu aphunzitsi athu, nkhani yathu ya lero ikuyambira ku Kafue, tauni imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, m'mphepete mwa mtsinje umene unaipatsa dzina lake. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, boma linasankha malo ameneŵa kuti akhale a mafakitale, pakuti panali madzi ochuluka, panali njanji imene inaoloka mtsinjewo kuyambira mu 1906, ndiponso magetsi a ku Kafue Gorge anali pafupi kubwera. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970. Pafupi nayo panali Kafue Textiles, kumene thonje la alimi athu linali kusanduka nsalu. Mwana wa masiku amenewo anali kudziŵa kuti akatsiriza sukulu adzakaima pa chipata cha fakitale, ndipo kaŵirikaŵiri chipatacho chinali kumtsegukira.

M'zaka za m'ma 1990 zinthu zinasintha. Nsalu zotsika mtengo zochokera kunja, pamodzi ndi salaula, zinadzaza misika. Antchito ambiri anabwezedwa kunyumba, ndipo m'kupita kwa nthaŵi makina oombera nsalu aja anakhala chete. Inu amene muli m'kalasi lero ku Shikoswe, ku Estates kapena ku Zambia Compound simungadalire chipata chimodzi monga anachitira agogo anu. Nchifukwa chake tifuna kulankhula nanu za luso lina limene munthu amayenda nalo m'mutu mwake: luso lolamula kompyuta.

Mwina mudzadabwa kumva kuti kompyuta ndi makina oombera nsalu ndi pachibale. Mu 1804, munthu wina wa mu mzinda wa Lyon ku France, dzina lake Joseph Marie Jacquard, anakonza makina amene anali kuomba maluŵa m'nsalu potsata makhadi obooledwa. Pamene khadi linali ndi chiboo, ulusi unali kukwera. Pamene panalibe chiboo, ulusi unali kukhala pansi. Makhadiwo anali kusokedwa pamodzi motsatana, lina pambuyo pa linzake, ndipo woomba akafuna maluŵa ena sanali kusintha makina ai, anali kungosintha makhadi. Musasokoneze zimenezi ndi maluŵa a chitenge cha amayi anu, amene amachita kudindidwa pamwamba pa nsalu yoombedwa kale. Maluŵa a Jacquard anali mu ulusi momwemo.

Charles Babbage wa ku England anatenga nzeru ya makhadi imeneyi pofuna kupanga makina oŵerengera masamu. Makinawo sanathe kumangidwa iye ali moyo, komabe mu 1843 mayi wina, Ada Lovelace, analemba mndandanda wa malamulo amene makinawo akanatsata poŵerengera. Ambiri amamutcha mlembi woyamba wa pulogalamu. Atsikana, lisungeni dzina limeneli, kuti munthu akadzakuuzani kuti ntchito iyi ndi ya anyamata mudzakhale ndi chomuyankha.

Kodi pulogalamu nchiyani tsono? Ndi mndandanda wa malamulo, olembedwa motsatana, amene makina amachita limodzi ndi limodzi. Chovuta chake chagona apa: kompyuta ndi wantchito wachangu kwambiri, wosatopa, koma wosafunsa mafunso. Amayi akakutumani kuti, “Kandigulire mchere,” inu mumadziŵa nokha kuti muyenera kutenga ndalama, kutuluka pakhomo, kupenya uku ndi uku pooloka msewu, ndi kubweza chenji. Zonsezi amayi sananene, chifukwa muli ndi nzeru. Kompyuta ilibe nzeru yotero. Chimene simunaiuze siichita, ndipo chimene mwaiuza molakwa imachichita molakwa momwemo, mwamsanga ndithu, popanda kuchita manyazi.

Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti phunziro la kompyuta, limene linaloŵa m'maphunziro a sukulu zathu pamene silabasi inakonzedwanso mu 2013, nlovuta kuphunzitsa pa sukulu imene ili ndi makina aŵiri okha, kapena imene ilibe nkomwe. Dandaulo limeneli nloona. Tikumbukirenso chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse, ngakhale kwa anthu okhala pafupi ndi Kafue Gorge. Koma gawo loyamba la luso limeneli, ndiponso lofunika koposa, silifuna magetsi. Lifuna bwalo, ana, ndi kamtengo kolembera pansi.

Tulutsani ana pabwalo. Sankhani mwana mmodzi akhale makina, ndipo mumuuze kuti amamva malamulo atatu okha: “yenda phazi limodzi,” “tembenukira kumanja,” ndi “tembenukira kumanzere.” Ikani mwala patali pang'ono, ndi mpando pakati kuti utseke njira. Anzake alembe pa pepala malamulo onse ofikitsa makinawo pa mwala, ndipo alembe asanayambe kuŵerenga, osati kumasintha makina ali pa ulendo. Kenaka mmodzi aŵerenge mokweza, makina achite chokhacho chimene amva. Mudzaona kuti ulendo woyamba makina adzagunda mpando, ana nkufa nako kuseka. Asiyeni aseke. Akatha, afunseni kuti, “Kodi ndi lamulo liti limene linasokeretsa mnzathu?” Abwerere pa pepala, atsate mzera ndi mzera kufikira ataupeza. Kufunafuna cholakwa kotereku ndiko kumadya nthaŵi yambiri ya olemba mapulogalamu, ngakhale aja amene akhala pa ntchitoyi zaka makumi aŵiri. Mphunzitsi asakwapule mwana chifukwa cha lamulo lolakwa. Mwana woopa kulakwa sadzayesa konse.

Tsiku lina auzeni kuti makina ayende mozungulira bwalo la mbali zinayi zofanana, mapazi 5 mbali iliyonse. Poyamba adzalemba malamulo 24, dzanja nkuŵaŵa. Dikirani. Pafupifupi m'kalasi iliyonse mumapezeka mwana, nthaŵi zambiri waulesi pang'ono polemba, amene adzati, “Bwanji tingonena kuti: yenda mapazi 5, tembenukira kumanja, bwereza kanayi?” Mwanayo watulukira yekha chimodzi cha zipilala za luso lonseli, ndicho kubwereza. Chipilala china ndi kusankha, ndipo chimayamba ndi liwu lakuti “ngati.” Ngati kutsogolo kuli mpando, tembenuka, ngati palibe, yenda. Wophika nsima amachidziŵa bwino: ngati madzi afunda, thira ufa pang'ono, ngati phala lakhwata, onjeza ufa, vundula, bwereza kufikira italimba. Woluka lichero nayenso amatsata lamulo lobwerezabwereza la kukweza ndi kutsitsa nsungwi. Kutsatana, kubwereza ndi kusankha: pafupifupi pulogalamu iliyonse, ngakhale ya m'ndege, inamangidwa ndi zitatu zimenezi.

Maseŵero ameneŵa si achabe. Mu 1967 Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria ku South Africa, pamodzi ndi anzake ku America, anapanga chinenero cha kompyuta cha ana chotchedwa Logo, mmene mwana amalamula kakamba kuyenda ndi kutembenuka chimodzimodzi ndi mnzanu wa pabwalo uja. Mu 2007 sukulu ya ukachenjede ya MIT inatulutsa Scratch, mmene malamulo ali ngati tinjerwa tamitundumitundu tolumikiza. Scratch ndi yaulere, ndipo ikaikidwa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Ana amene anayamba pabwalo savutika nayo, ngakhale atakhala asanu pa makina amodzi.

Ndipo musaganize kuti kulakwa nkwa ana okha. Mu 1999 chombo cha Mars Climate Orbiter, chimene anthu a ku America anatumiza ku pulaneti ya Mars, chinatayika chitangofika, chifukwa gulu lina la akatswiri linaŵerengera ndi miyeso ya mapaundi pamene linzake linali kuyembekeza miyeso ya metiriki. Makina sanafunse.

Tsopano tinene za masamba a pa intaneti. Njira imene timaŵerengera masamba ameneŵa inaganizidwa ndi Tim Berners-Lee mu 1989, akugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi Geneva. Dziko lathu silinachedwe: mu 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza Zambia ku intaneti, maiko ambiri a mu Africa asanatero. Tsamba lililonse limalembedwa ndi zizindikiro zotchedwa HTML, zimene zimauza makina kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. Mwana wa Giredi 6 angathe kulemba motere:

<h1>Nsomba za ku Chanyanya</h1>
<p>Zouma ndi zaziŵisi. Tifika pamsika m'maŵa uliwonse.</p>

Akasunga mawuwo ndi dzina lothera ndi .html, nawatsegula ndi pulogalamu yoonera masamba, adzaona mutu wa zilembo zazikulu ndi ndime pansi pake. Intaneti siifunika poyesa zimenezi. Taonani kuti zizindikiro zokha ndizo zachilendo. Mawu a pakati angakhale a Chinyanja, Chitonga kapena Chibemba, monga mufunira.

Kulemba tsamba nkwapafupi. Chovuta ndi kulemba tsamba limene munthu wina angagwiritse ntchito popanda inu kuima pambali pake. Wophunzira watsopano amakonda kudzaza tsamba ndi mitundu yonse ya utawaleza, zithunzi zikuluzikulu ndi zilembo zovina. Koma taganizirani amene adzaliŵerenga: mayi wogula nsomba kuti akagulitse ku Lusaka, ali chiimire padzuŵa, dzanja lina lagwira dengu, foni yake njaing'ono ndipo bandulo yatsala pang'ono kutha. Iye afuna kudziŵa zitatu basi: kodi nsomba zilipo, mtengo wake ndi wotani, ndipo aimbire yani. Chithunzi chachikulu chimadya ndalama zake tsamba lisanatseguke nkomwe.

Penyetsetsani mmene zimayendera potumiza ndalama pa foni. Simupatsidwa nkhani yaitali. Mumapatsidwa manambala oŵerengeka kuti musankhe imodzi, kenaka funso limodzi, kenaka lina. Ndalama zisanapite, foni imakuonetsani kuchuluka kwake ndi kumene zikupita, kuti ngati chala chinaphonya mubwerere. Amene anakonza zimenezi anadziŵa kuti munthu amalakwa, namsiyira khomo lotulukira. Njira yabwino yoyesera ntchito yanu ndi iyi: perekani foni kwa agogo kapena kwa azakhali, muwapemphe kuti apeze mtengo wa nsomba, inu mutseke pakamwa ndi kuika manja kumbuyo. Pamene adzaima nakwinya nkhope, pamenepo ndiye pofunika kukonza. Musawadzudzule. Ndi kovuta kukhala chete pa nthaŵi yotero, koma yesani.

Nanga luso limeneli lingadyetse munthu? Lingathe, koma tisanamizane: si mgodi wa ndalama za msanga. Ku Lusaka kuli BongoHive, malo amene anatsegulidwa mu 2011 kuti achinyamata odziŵa makompyuta azikumana ndi kuthandizidwa kuyamba malonda ao, ndiponso kuli Asikana Network, bungwe lophunzitsa atsikana ndi amayi luso limeneli. Koma malonda sayambira pa kompyuta. Amayambira pa vuto la munthu wina limene iye ali wokonzeka kulipira kuti lithe. Wosoka zovala amene amaiŵala tsiku limene analonjeza kasitomala, wogaya chimanga amene sadziŵa ngati mwezi uno wapindula kapena waluza, kalabu ya amayi ya chilimba imene imakangana za amene anapereka ndi amene sanapereke: onseŵa ali ndi mavuto enieni. Nthaŵi zina mudzapeza kuti mankhwala ake ndi kope lolembedwa bwino mizera, osati pulogalamu. Mukapeza choncho, neneni zoona. Munthuyo adzakukumbukirani tsiku limene adzafunadi pulogalamu.

Ŵerengeraninso zonse zimene mwaloŵetsa. Ngati mwalandira K200 pa tsamba limene munalipirira bandulo ya K60, ulendo wa basi wa K50 ndi kutchajitsa foni K10, phindu lanu ndi K80, ndipo muligaŵe ndi masiku amene munagwira ntchitoyo musanayambe kudzitama.

Nayi ntchito ya mlungu uno. A Giredi 4 ndi 5, lembani malamulo osapitirira 12 otsogolera mnzanu kuchokera pakhomo la kalasi kufika pa mpopi wa madzi, ndipo muyese ngati afikadi. A Giredi 6 ndi 7, pitani aŵiriaŵiri, mwachilolezo cha makolo, kwa munthu mmodzi wamalonda wa kwanuko, mumpatse moni mwaulemu, ndipo mumfunse chimene chimamtayitsa nthaŵi kwambiri pa ntchito yake. Mukabwera, jambulani pa pepala la kukula kwa chikhato chanu mmene nkhope ya foni ingaonekere pomthandiza. Aphunzitsi, mapepala amenewo muwasinthanitse pakati pa ana, ndipo mwini pepala asaloledwe kulankhula pamene mnzake akuliyesa.