Sukulu ya pamalo a mphepo ku Kijabe

Ukachoka ku Nairobi kulowera ku Naivasha, pakatha pafupifupi ola limodzi pali msewu wopatuka kumanzere umene umatsetsereka mokhotakhota m'nkhalango. Ukautsata umakafika ku Kijabe, tauni yaing'ono yokakamira m'mbali mwa phiri, mamita oposa 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Pansi pake pali chigwa chachikulu cha Rift Valley, mng'alu womwewo wa dziko umene kummwera kuno unasunga madzi a nyanja ya Malawi. Dzina loti Kijabe linachokera kwa Amasai ndipo limanena za mphepo. Dzuwa likangolowa, mphepoyo imawomba mosanyengerera, ndipo wopanda juzi amagona ali chipinde.

Pamenepa ndi pamene pali Rift Valley Academy, sukulu yachikhristu yogonera pompo imene inayamba mu 1906.

Chimene chinaiyambitsa chinali chisoni cha makolo. Amishoni a bungwe la Africa Inland Mission, mwana akafika msinkhu wa sukulu, ankasankha pakati pa zowawa ziwiri: kumukweza sitima yapamadzi kupita ku America n'kukhala zaka osamuona, kapena kusiya ntchito yolalikira n'kubwerera naye limodzi. Charles Hurlburt, mtsogoleri wa bungweli, nayenso anali ndi ana ake, choncho nkhaniyi sankaimva ngati ya mphekesera. Anaganiza zoti sukulu ibwere kumene kuli ana. Mphunzitsi woyamba anali Josephine Hope. Mu 1909 Theodore Roosevelt, atangotula pansi udindo wa pulezidenti wa America n'kubwera ku Africa kudzasaka nyama, anaika mwala wa maziko a nyumba yotchedwa Kiambogo, imene ilipobe mpaka lero.

Sukuluyi yaonanso zoopsa. Pa nthawi ya nkhondo ya Mau Mau, makamaka anthu ambiri ataphedwa ku Lari mu 1953, kufupi ndi Kijabe, ana ankaphunzira atazingidwa ndi waya waminga, asilikali akulondera usiku.

Lero pali ana pafupifupi 500, kuyambira ku mkaka mpaka sitandade 12 ya maphunziro a ku America. Ambiri ndi ana a amishoni otumikira m'maiko osiyanasiyana a mu Africa, ndipo si azungu okhaokha monga kale: m'chipinda chodyera umamva Chingelezi, Chikoreya ndi Chiswahili. Aphunzitsi ambiri salandira malipiro kuchokera ku fizi. Nawonso ndi amishoni, amene mipingo ndi abwenzi kwawo amawasonkhera, ndipo n'chifukwa chake mwana wa mmishoni amatha kuphunzira pamalo otere. Mapemphero ndi phunziro la Baibulo zili m'ndondomeko ya sabata iliyonse. Pa masewera ndi otchuka ndi rugby, ndipo chizindikiro chawo ndi njati.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi kalendala yawo. Mwana amakhala pasukulu miyezi itatu, n'kupita kwa makolo mwezi umodzi, katatu pachaka. Poyerekeza ndi zaka zija za sitima yapamadzi, ichi n'chifundo chachikulu. Komabe miyezi itatu ndi yaitali kwa kamwana kamene kazolowera kugona kakumva mawu a mayi ake. Taganizani tsiku lotsegulira: sutikesi yaikidwa pansi pa bedi, bambo akukonza bulangeti kachiwiri ngakhale lili bwinobwino, ndipo mayi akupukuta maso asanatembenuke. Amene amatsala ndi mwanayo ndi banja losamalira hositelo, limene limagona m'nyumba yomweyo ndi ana. Ndi iwo amene amamva kulira kwa pakati pa usiku, amakumbukira tsiku lobadwa, ndiponso amathamangira ku chipatala cha mishoni cha Kijabe mwana akatentha thupi. Ife amene timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe tiyenera kuilemekeza ntchito imeneyi, pakuti ndi yolemetsa kuposa kulemba pa bolodi.

Ndipo akamaliza, ana ambiri amapita ku yunivesite kumaiko olembedwa pa mapasipoti awo, kumene ena sanakhaleko ngakhale zaka ziwiri zathunthu. Kumeneko anthu amawalonjera ngati obwerera kwawo, pamene iwo m'maganizo akuonabe phiri la Longonot litaima pakati pa chigwa, monga ankalionera madzulo alionse pochokera ku bwalo la masewera.