Oweta Maselo mu Labotale

Maselo ambiri a thupi la munthu sakula opanda pogwira. M'thupi amamatirira pa collagen, puloteni yolimba yopezeka m'khungu, m'mafupa ndi m'mitsempha. N'chifukwa chake anthu oweta maselo mu labotale nthawi zina amayamba ndi kuwayalira collagen yochotsedwa ku mchira wa khoswe, ku chikopa cha ng'ombe kapena cha nkhumba. Robert Ehrmann ndi George Gey a ku Johns Hopkins anasonyeza mu 1956 kuti maselo amakula bwino pa collagen ya mchira wa khoswe.

Ntchitoyi siithera pa munthu mmodzi. Pali akatswiri osungunula collagen mu asidi, kuiyeretsa, n'kuiumitsa kuti ikhale ndi timabowo tolowamo maselo. Pali madokotala ochotsa kachidutswa ka khungu kapena ka chichereŵechereŵe kwa wodwala. Koma mtolo waukulu uli pa tekinishani. Iye amavala magolovesi, kupukuta zonse ndi spiriti wa 70 peresenti, n'kugwira ntchito m'kabati yopemerera mpweya wosefedwa. Maselo amawasunga mu incubator pa madigiri 37, ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti. Madzi ofiira omwe maselo amadya akayamba kusanduka achikasu, nthawi yowasintha yakwana, kaya ndi Lamulungu kaya ndi pa Khirisimasi. Ali ngati mlimi wa anapiye: akajomba masiku angapo, khola latha. Mdani wake ndi nkhungu ndi bakiteriya, makamaka mycoplasma, yemwe saoneka pa maikulosikopu wamba.

Phindu la khama limeneli laoneka m'zipatala. Ku Boston, Ioannis Yannas wa ku MIT ndi dokotala John Burke anapanga khungu la collagen ya ng'ombe lothandiza opsa ndi moto, lomwe America inaliloleza mu 1996 pa dzina la Integra. Apligraf, ya mu 1998, ili ndi maselo amoyo a munthu ndipo imapoletsa zilonda za m'miyendo zokanika. MACI, ya mu 2016, imakonza bondo ndi maselo a wodwala yemweyo, oweteredwa pa collagen ya nkhumba.

Apa ndi pamene cholembera chimalemera kuposa maikulosikopu. Botolo lililonse limalembedwa nambala ya mwini wake ndi tsiku, chifukwa maselo a anthu awiri amafanana m'maso, ndipo kuwasokoneza n'kuika za wina m'bondo la mnzake.