Ana Atatu, Abambo Awiri, Mphika Umodzi

Lero tili ku Xiamen, mzinda wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Fujian, kummwera cha kummawa kwa dziko la China. Kuno n'kumene anajambula sewero la pa kanema lomwe mu Ogasiti 2020 linatsekera anthu m'nyumba madzulo aliwonse. Linkaonetsedwa pa Hunan TV, ndipo kunja kwa China limadziwika kuti Go Ahead.

Nkhani yake ikuyamba mu 1999. Bambo Li Haichao ali ndi kalesitilanti ka ma noodles. Mkazi wawo anamwalira, kuwasiyira kamtsikana kosamva, Li Jianjian. M'chipinda cha pamwamba pawo mwasamukira wapolisi, Ling Heping, ndi banja lake lomwe lili pa chisoni: mwana wamkazi anafa atatsamwa ndi chakudya tsiku lomwe mayi anatsekera anawo m'nyumba n'kuchokapo. Ukwati uja sunapirire. Mayiwo, Chen Ting, ananyamuka, kusiya mnyamata wawo Ling Xiao atakhala pa masitepe, njala ikumupweteka. Mwana wachitatu ndi He Ziqiu. Mayi ake anakumana ndi bambo Li pofuna banja, kenako anabwereka ndalama, n'kuzimirira. Mwanayo anatsalira bambo yemwe sanali naye chibale chilichonse.

Ndiye onani tebulo lake. Amuna awiri opanda akazi, ana atatu a mayina a makolo atatu osiyana. Wina amaphika, wina amaperekako ndalama ya ndiwo n'kuthamangira kuntchito. Wotsogolera sewerolo, Ding Ziguang, sathamangitsa kamera pamenepa. Amatisiya tione mpunga ukugawidwa, nyama ikuchoka m'mbale ya wamkulu kupita ya wamng'ono, mkangano wa ana ukuzizira chifukwa msuzi wafika. Ife kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo bambo Li, omwe mbali yawo anasewera Tu Songyan, akanawamva mawu amenewa popanda womasulira.

Koma mwana woleredwa amamva zinthu zomwe mwana wobadwa samva. Achibale ndi anansi sasiya kumukumbutsa Ziqiu kuti akhale womvera, agwire ntchito, adzabweze akakula. Kamnyamatako kamadzuka usiku kukachapa zovala, kuopa kuti akakaona ngati katundu wolemera akabweza. Palibe amene wakakalipira. Mantha okha. Kwa ine, apa ndi pamene sewerolo lafika pachimake, ndipo pali pa magawo oyambirira penipeni.

Chifukwa chiyani nkhani yotere inawagwira mtima chonchi anthu a ku China? Kumbukirani kuti ambiri mwa oonera anabadwa nthawi ya lamulo la mwana mmodzi pa banja, lomwe linagwira ntchito kuyambira cha m'ma 1980 mpaka kumapeto kwa 2015. M'mizinda munakula mbadwo wa ana osadziwa kulimbirana ndiwo ndi mchimwene. Kumidzi nako kunali bala lina. Makolo ankapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Shenzhen ndi Guangzhou, ana n'kutsala ndi agogo, chifukwa kaundula wa mabanja wotchedwa hukou ankachititsa kuti mwana wa kumudzi avutike kupeza sukulu ya boma mumzinda. Lipoti la bungwe la amayi la All-China Women's Federation la mu 2013 linati ana otsala motero anali oposa 61 miliyoni. Choncho mayi akamatuluka pakhomo ndi chikwama pa kanema, ambiri sankaona sewero ayi. Ankakumbukira.

Tsono m'sewero lija, magazi amabwera kudzatolera ngongole. Anyamata aja atangomaliza sekondale, obereka akutulukira. Chen Ting, yemwe anakwatiwanso ku Singapore, wachita ngozi ya galimoto, ndipo Ling Xiao ayenera kupita kukamudwazika. Bambo ake a Ziqiu, omwe anamukana asanabadwe, abwera ndi chuma kudzamutenga kuti akaphunzire ku Britain. Ku China, kumvera ndi kusamalira wokubereka ndi chiphunzitso chakalekale cha Confucius, ndipo kuchokera mu 2013 lamulo lenilenilo limalamula ana akuluakulu kuti aziyendera makolo awo okalamba. Yemwe anakuphikira zaka zonsezo, ngati sanakulembetse kuboma, alibe pepala loti atulutse. Bambo Li angoimirira pakhomo, kuwaperekeza ndi maso. Zaka 9 zikudutsa.

Akamabwerera, Ling Xiao ndi dokotala wa mano, Ziqiu akutsegula malo ogulitsira khofi ndi makeke, Jianjian ndi wosema ziboliboli ndipo achimwene akewo akuwapatsa moni ngati alendo. Tan Songyun, yemwe anasewera Jianjian ali ndi zaka pafupifupi 30, anakwanitsa zonse ziwiri, kamtsikana ka sukulu kolongolola ndi mtsikana wamkulu wosunga chakukhosi mwaulemu.

Apa m'pamene oonera anagawikana. Anyamata onse awiri akufuna kumukwatira mlongo wawoyo. Pa Douban, pomwe anthu a ku China amapereka malikisi ku mafilimu, malikisi a sewerolo anayamba ali pamwamba kenako n'kutsika. Ambiri anati anabwera kudzaona banja, osati chibwenzi cha anthu okulira mbale imodzi. Ine ndili nawo mbali imodzi, koma pali chinthu chimodzi chomwe olemba anachigwira bwino. Ziqiu sakufunsira chifukwa cha chikondi. Akufuna njira yoti asadzachotsedwenso pabanjapo, ndipo ukwati ndiwo khomo lokhalo lomwe akuliona lotseguka. Akazindikira zimenezi amabwerera pa uchimwene wake, Jianjian n'kutsala ndi Ling Xiao. Chomwe sindinagwirizane nacho ndi changu chokhululukira Chen Ting kumapeto, ngati kuti mayi akalira kamodzi zaka zonse za kuzunza mwana zafafanizika.

Nkhaniyi sinathere ku China. Mu 2024 wailesi ya kanema ya JTBC ku South Korea inaipanganso m'chinenero chawo, pa dzina loti Family by Choice. Anasintha mayina, anasintha mzinda, anafupikitsa magawo. Bambo wophika ma noodles ndi mnzake wapolisi wa chipinda cha pamwamba anawasiya momwemo.