TIMAGALIMOTO TOJAMBULA PA KOMPYUTA: KODI LAMULO LILEKEZE PATI?

MWANA aliyense amene anapindapo galimoto ya mawaya kumudzi adziwa kuti mkangano suyamba popanga ai, umayamba tsiku la mpikisano. Wina wabwera ndi mawilo a zitsekerero za mabotolo, mnzace watola mawilo a mpira kwa mkulu wace wa ku tauni. Kodi awiriwa apikisane pamodzi? Funso lomweli lakhala likuvutitsa aphunzitsi ndi mainjiniya a maiko akutali, kumene ana a sukulu amayamba kujambula galimoto zao pa kompyuta asanakhudze cipangizo ciri conse.

Mpikisano wochuka wa mtundu umenewu unayambira ku England ca m'ma 2000, ndipo anauyambitsa ndi Bambo Andrew Denford. Kwa zaka zambiri unali kudziwika ndi dzina lakuti F1 in Schools, koma kuyambira mu 2025 ukuchedwa STEM Racing. Ana a zaka 9 mpaka 19 ocokera m'maiko oposa 40 amalowa nao mpikisanowu m'timagulu ta anthu atatu kufikira asanu ndi mmodzi.

M'MENE NCHITO IMAYENDERA

Coyamba anawo amajambula kagalimoto kao pa kompyuta. Pomwepo amakayesanso ndi mphepo yongoyerekeza, kuti aone pamene mpweya ukugunda ndi kubweza kagalimotoko m'mbuyo. Akakhutira, amatumiza cithunzico ku makina osema, amene amasema kagalimoto kautali wonga cikhato ca munthu wamkulu ndi zala zomwe. Kale anali kusema mtengo wopepuka wochedwa balsa, koma pambuyo pace anayamba kugwiritsa nchito cibuma copepuka ca pulasitiki.

Kagalimotoka kalibe injini kapena petulo. Kumbuyo kwace amalowetsako kabotolo kacitsulo kokhala ndi magalamu 8 a mpweya wa carbon dioxide, womwe uja ucititsa thovu m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kabotoloko kakabooledwa, mpweya umatuluka mwaukali ndi kukankha kagalimoto pa njira yowongoka ya mamita 20. Ulendo wonse umatha mu sekondi imodzi yokha ndi pang'ono.

Liwiro lokha silipambanitsa gulu. Oweruza amayang'ananso mabuku ofotokoza m'mene nchito inayendera, amamvetsera anawo akulankhula pamaso pao, ndiponso amafunsa m'mene anapezera ndalama. Kagalimoto kali konse kamapimidwa utali, m'lifupi ndi kulemera kwace, ndipo kakaphonya muyeso gulu limalandidwa mapointi.

KACIPANGIZO KAMENE KANAUTSA MAPOKOSO

Mu 2012 gulu la Cold Fusion, la pa Brighton Secondary School mu mzinda wa Adelaide ku Australia, linapambana mpikisano wa dziko lonse ku Abu Dhabi. M'zaka zimenezo panachuka kacipangizo koikidwa poyambira liwiro, kumbuyo kwa kagalimoto, kamene pambuyo pace kanadziwika ndi dzina lakuti LERS. Nchito yace inali kukola mpweya wotuluka m'kabotolo kuti usamwazike cabe, koma uthandize kukankha kagalimoto.

Magulu ena anatengera nzeruyo naiwonjezera. Mu 2016, ku Austin m'dziko la America, gulu la Infinitude la ku Australia komweko linathamangitsa kagalimoto kace mamita 20 aja m'masekondi 0.916. Kumeneko ndi kuthamanga pafupi-fupi makilomita 80 pa ola. Kuyambira mu 2017 akulu-akulu a mpikisano analetsa kacipangizoko.

Pa nkhani yotere maganizo amakhala pawiri. Mbali imodzi imati mpikisano unakhazikitsidwa kuti ana aphunzire kuganiza, tsono mwana akapeza njira imene lamulo silinaletse ayenera kuyamikidwa, osati kutsekerezedwa. Mbali inayo imati mpikisanowo ndi wa kagalimoto, si wa zipangizo zoikidwa kunja kwace, ndipo zipangizo zikaculuka opambana adzakhala a sukulu zokhazo zimene ziri ndi ndalama ndi makina oyeserera. Palinso nkhani ya ngozi, pakuti mpweya wopanikizidwa m'citsulo si cinthu coseweretsa pamene pali ana.

AKULU NAONSO ANAKANGANA

Mkangano wotere sunayambe ndi ana a sukulu. Mu 1978 injiniya Gordon Murray, wobadwira ku Durban m'dziko la South Africa, anapangira gulu la Brabham galimoto ya mpikisano wa Formula One yokhala ndi cikupizo cacikulu kumbuyo. Cikupizoco cinali kuyamwa mpweya wa kunsi, motero galimoto inali kumamatira pansi ndi kukhota pa ngodya mosacepetsa liwiro kweni-kweni.

Lamulo linali kuletsa zipangizo zoyenda zimene nchito yace yaikulu ndi kusintha kayendedwe ka mphepo pa galimoto. A Brabham anayankha kuti nchito yaikulu ya cikupizo cao inali kuziziritsa injini. Niki Lauda anapambana nayo galimotoyo ku Anderstorp m'dziko la Sweden. Magulu ena anadandaula kwambiri, ndipo mwini gulu, Bambo Bernie Ecclestone, anaicotsa itathamanga kamodzi kokha. Cipambano ca Lauda sicinafafanizidwe.

Nanga malamulo atacotsedwa onse, cingacitike n'ciani? Mu 2010 opanga masewera a pa kompyuta a Gran Turismo 5 ku Japan anagwirizana ndi injiniya Adrian Newey wa gulu la Red Bull kujambula galimoto yosamangidwa ndi lamulo liri lonse. Inachedwa Red Bull X2010, ndipo cikupizo cija cinabwereranso kumbuyo kwace. M'masewerawo inaposa kutali galimoto za Formula One, koma sinapikisanepo pa msewu weni-weni. Galimoto yopanda lamulo inasowa mnzace wopikisana naye.

PHUNZIRO KWA IFE KUNO KWATHU

Kuno ku Zambia ana a sukulu akhala akuonetsa zopanga zao m'zionetsero za JETS, bungwe la acinyamata okonda sayansi ndi zopanga-panga limene linayamba mu 1968. Mphunzitsi kapena mkulu wa m'mudzi wofuna kukonza mpikisano wa galimoto za mawaya, za dongo kapena zojambula pa kompyuta ya pa sukulu angatolepo zinthu zingapo pa mikangano imeneyi.

Malamulo alembedwe ndi kuwerengedwa pamaso pa onse nchito isanayambe, ndipo asasinthidwe pakati pa mpikisano. Anene momveka zipangizo zololedwa, kuti mwana wa mlimi wosauka asagonje cifukwa ca thumba la atate wa mnzace. Anenenso kuti thandizo la makolo ndi acibale lilekeza pati, popeza kawiri-kawiri cimene cimapambana ndi dzanja la malume amene ndi makanika. Oweruza asakhale abale a opikisana.

Mwana akatulukira nzeru imene lamulo silinaiganizire, mphotho yace apatsidwe caka cimeneco. Ngati nzeruyo iononga mpikisano kapena ingapweteke ena, akulu akhale pansi ndi kukonza lamulo la caka camawa. Ndi m'mene anacitira ndi Lauda mu 1978, ndiponso ana a ku Australia sanalandidwe ulemu wao pamene kacipangizo kao kanaletsedwa.

Makolo amene aona mwana akuononga mawaya a mpanda asafulumire kuthyola mkwapulo. Ayambe amufunsa kuti afotokoze cifukwa cace wakhotetsa waya motero. Oweruza a ku Abu Dhabi ndi ku Austin anali kufunsa ana funso lomwelo.